Kamba wa ku Aldabra: chimphona chimene chinatsala pang'ono kutha

Pa 14 Disembala 2004, anthu a ku Kimbiji, kum'mwera kwa mzinda wa Dar es Salaam m'dziko la Tanzania, anaona zachilendo m'mbali mwa nyanja. Kamba wamkulu, woti mwana n'kumukhalira pamsana ngati mpando, anatuluka m'madzi n'kuyamba kukwawa pamchenga. Sanali kamba wa m'madzi uja wa miyendo yonga nkhafi ayi. Anali kamba wa kumtunda, wa miyendo yonenepa ngati ya mwana wa njovu. Anali atawonda kwambiri, ndipo m'miyendo mwake munali mutamera tinkhono ta m'nyanja tija timakakamira kunsi kwa sitima. Akatswiri atayeza kukula kwa tinkhonoto anapeza kuti nyamayi inakhala ikuyandama kwa milungu 6 kapena 7. Maonekedwe a chigoba chake anasonyeza kuti kwawo n'ku Aldabra, chilumba chimene chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 740 kuchokera pagombelo. Mtunda umenewu umaposa ulendo wochoka ku Blantyre kukafika ku Lilongwe n'kubwerako. Ulendo wonsewo kambayu anauyenda osadya kanthu ndiponso osalawa madzi abwino.

Ife tinakula tikumudziwa kamba, amene ena amati fulu, monga kanyama kotola ndi dzanja limodzi m'tchire, kaja kamapusitsa Kalulu m'nthano. Wa ku Aldabra ndi m'bale wake, koma wamwamuna wokhwima bwino amatha kulemera makilogalamu 250, kufanana ndi matumba asanu a chimanga. M'nkhani ino tiona mmene thupi la nyama imeneyi limagwirira ntchito, mmene abale ake anathera pa zilumba zina zonse za m'nyanja ya Indian, ndi zimene anthu akuchita kuti wotsalayu asathe. Tikamawerenga tizindikira chinthu chimodzi chomvetsa chisoni: kupirira kumene kunamuwolotsa nyanja kamba wa ku Kimbiji uja n'komwenso kunapereka abale ake m'manja mwa amalinyero.

Kwawo n'kotani

Aldabra ndi gawo la dziko la Seychelles, limene tili nalo limodzi m'bungwe la SADC. Koma chilumbachi chinatalikirana ndi likulu la dzikolo. Kuchoka ku Mahé, kumene kuli mzinda wa Victoria, pali makilomita oposa 1,000, moti magombe a Madagascar ndi Tanzania ndiwo ali pafupi. Tikamati chilumba tikungofupikitsa, chifukwa pali zilumba zinayi zikuluzikulu, Grande Terre, Malabar, Picard ndi Polymnie, zimene zinazungulira thamanda lalikulu la madzi amchere ngati nkhata. Nkhata imeneyi ndi yotalika makilomita 34, m'lifupi mwake makilomita 13.

Si malo oti munthu n'kusirira kumangako nyumba. Pansi pake ndi thanthwe la laimu la mabowomabowo, losongoka, long'amba nsapato. Mtsinje kulibe. Madzi akumwa ndi a mvula amene amatsalira m'maenje a m'miyala ndi m'timadziwe towerengeka. Mvula imagwa kuyambira cha mu Novembala mpaka mu Epulo monga kwathu kuno, kenako miyezi yotsalayo kumakhala gwa. Mbali yaikulu ndi zitsamba zothithikana zoti munthu sangadutse popanda chikwanje, ndipo doko labwino loimikapo sitima palibe.

Komabe pamalo ouma chonchi pali akamba pafupifupi 100,000, kuposa akamba onse akuluakulu a ku zilumba zotchuka zija za Galápagos. Asayansi amawatcha Aldabrachelys gigantea. Kumeneko kulibe mbawala, njati kapena mbidzi. Msipu wonse mwini wake ndi kamba.

Thupi lopirira

Ana ambiri amaganiza kuti kamba angathe kutuluka m'chigoba chake monga munthu avulira jekete. Sizingatheke, chifukwa chigobacho ndi mafupa ake enieni. Nthiti ndi fupa la msana zinalumikizana n'kupanga denga limenelo, ndipo pamwamba pake panayalidwa timagawo tolimba topangidwa ndi zinthu zofanana ndi zikhadabo zathu. M'chigobamo mumayenda magazi ndipo muli mitsempha, moti munthu akamukanda pamsana kamba amamva. Kamba akadali wamng'ono, timagawo tija timakhala ndi mizere yosonyeza nyengo zimene wakula, monga mizere ya pachitsa cha mtengo. Akamakalamba mizereyo imafufutika, ndipo n'chifukwa chake zaka za kamba wokalamba zimavuta kuwerenga.

Popeza nthiti zake sizisuntha, kamba sangafufumitse chifuwa popuma monga timachitira ife. Amakoka ndi kutulutsa mpweya pogwiritsa ntchito minofu ya m'kati, pafupi ndi pamene pamatulukira miyendo. Phokoso lija amachita pobweza mutu mwadzidzidzi, lomveka ngati wapsa mtima, ndi mpweya chabe umene wakankhidwa m'mapapo kuti mutu ndi miyendo zipeze malo. Mapapowo ali pamwamba, kunsi kwenikweni kwa denga la chigoba, ndipo ndiwo amamuyandamitsa akagwera m'nyanja. Khosi lake lalitali limathandiza kuti mphuno zikhale pamwamba pa mafunde.

Mano alibe. Ali ndi milomo yolimba, yakuthwa ngati lumo, imene amadulira udzu. Chodabwitsa china ndi kamwedwe kake. Pa Aldabra madzi nthawi zambiri amatsala ochepa m'kabowo ka mwala, koti pakamwa sipangatunge kanthu. Zikatero kamba amaviika nsonga ya mphuno n'kukoka madziwo kudzera m'mphuno momwemo, osatsamwa. Madzi amene wamwa amatha kuwasunga m'chikhodzodzo, thupi n'kumawatenganso pang'onopang'ono m'miyezi ya chilala.

Chinsinsi chachikulu cha kupirira kwake n'chakuti thupi lake silidzifunditsa lokha. Mbuzi imadya tsiku lonse chifukwa gawo lalikulu la chakudya chake limathera pofunditsa thupi usana ndi usiku. Kamba amangowothera dzuwa, ndiye chakudya chochepa chimamukwanira. Chimene wadya chimakhala m'mimba masiku ambiri chikugayika, ndipo chotsala chimasanduka mafuta osungira mtsogolo. N'chifukwa chake amatha miyezi osadya osamwa, ndiponso n'chifukwa chake chilumba chaching'ono chouma chingadyetse nyama 100,000. Ng'ombe zochuluka chotero zikanatha zonse chilimwe chimodzi.

Mthunzi ndiwo moyo

Komatu dzuwa limene limamufunditsa ndi lomwenso limamupha. Kamba satuluka thukuta, ndipo thupi lalikulu likatentha limachedwa kuzizira. Kutentha kwa m'thupi mwake kukangodutsa madigiri 36 mpaka 38, moyo wake uli pangozi. Choncho tsiku la kamba wa ku Aldabra limayendera dzuwa. M'bandakucha amatuluka kukadya. Dzuwa likakwera amasiya msipu n'kulunjika kumthunzi, ndipo madzulo kukazizira amabwereranso. Masana mungawapeze atapanikizana pansi pa mtengo umodzi, ena atakwerana pamsana, ena ali m'mapanga a miyala kapena atamira m'matope.

Ku gombe la kum'mwera kwa Grande Terre kumachitika zinthu zophunzitsa. Mvula yoyamba ikagwa, udzu wa m'mbali mwa nyanja umaphukira msanga kuposa wa m'kati mwa chilumba. Akamba ena amasamukira kumeneko kukadya msipu wanthete, ndipo aakazi amene adya bwino chotero amadzaikira mazira ambiri. Koma kugombeko mitengo ndi yowerengeka. Amene watanganidwa ndi kudya n'kutalikira mthunzi, kapena wafika mochedwa n'kupeza anzake atadzaza kale, amafera panjira. Zigoba zoyera mbee zimene zimapezeka m'derali ndi za akamba amene dzuwa linawapeza poyera. Ena safuna kuika moyo pachiswe: amatsalira m'zitsamba n'kumadya masamba ogwa, ngakhale kuti sakhuta.

Kudya kwa akamba kunasintha ngakhale maonekedwe a chilumbachi. M'malo amene amadyamo kawirikawiri muli udzu waufupi ngati wometedwa, umene akatswiri amautcha kapinga wa kamba. M'kapinga ameneyu muli mitundu pafupifupi 20 ya udzu ndi tizomera tina, ndipo tambiri timachita maluwa ndi kubereka njere pansi penipeni, pamene milomo ya kamba siingafike. Ofufuza atatchinga malo ena ndi mpanda kuti akamba asalowemo, zomera zitalizitali zinakula n'kuphimba tating'onoto. Zikuoneka kuti kapingayu amadyetsa kamba, kamba nayenso n'kumasunga kapinga.

Kupatula udzu, amadya masamba, zipatso zakugwa, ndipo akapeza nyama yakufa, ngakhale kamba mnzake, saisiya. M'chaka cha 2020, pa chilumba cha Frégate ku Seychelles komweko, kamba wamkazi anajambulidwa pa kanema akutsatira mwanapiye wa mbalame ya m'nyanja amene anagwa m'chisa, mpaka anamugwira n'kumudya. Ambiri amene ankati kamba ndi wa ndiwo zamasamba zokha anadabwa.

Kuswana mosafulumira

Kamba wamwamuna amadziwika ndi mchira wautali ndiponso kunsi kwa chigoba kolowa m'kati ngati mbale, kumene kumamuthandiza kukhazikika pamsana pa wamkazi. Nyengo yokwerana ndi ya dzinja, ndipo kubuula kwa amuna kumamveka patali. M'chilimwe wamkazi amafunafuna dothi lokumbika, limene ndi losowa pa chilumba cha miyala chotere. Akalipeza, kawirikawiri kukamada, amakumba dzenje ndi miyendo yakumbuyo, uku akukodzera dothilo kuti lifewe. Amaikira mazira oyera, obulungira ngati mpira wa tenesi, n'kukwirira, basi n'kumapita. Safungatira ndipo ana ake sadzawaona. Dzuwa ndilo limafungatira, ndipo ana amatuluka mvula ikayandikira kapena itangoyamba, pamene udzu wanthete ulipo.

Kuchuluka kwa mazira kumadalira chakudya. Pa Grande Terre, pamene akamba ndi othinana, wamkazi amaikira mazira 4 kapena 5 okha, mwinanso kudumphitsa zaka, ndipo akamba akewo ndi ang'onoang'ono matupi. Pa Malabar ndi pa Picard, pamene msipu ndi wokwanira, amaikira mazira oposa 10 nthawi imodzi, ena kangapo pachaka, ndipo zimphona zenizeni zimapezeka kumeneko.

Kamwana kongoswedwa kumene kamakwana pachikhatho ndipo chigoba chake n'chofewa. Nkhanu zikuluzikulu za kumtunda, akhwangwala, makoswe ndi amphaka amatha ambiri a iwo asanafike patali. Amene wapulumuka amatenga zaka 20 kapena kuposerapo kuti ayambe kubereka. Akakula, mdani wachilengedwe alibenso, ndipo amatha kukhala zaka zoposa 100. Wotchuka kwambiri ndi Jonathan, amene anatengedwa ku Seychelles kupita ku chilumba cha St Helena m'chaka cha 1882 ali wamkulu kale. Akuti anaswedwa cha m'ma 1832. Ndiye kuti pamene David Livingstone ankafika ku nyanja yathu mu 1859, Jonathan anali ndi zaka zoposa 25, ndipo pamene Malawi ankalandira ufulu mu 1964 anali atadutsa kale zaka 130.

Pano tiime pang'ono tiwerengere, chifukwa nkhani yonse yotsatirayi yagona pamenepa. Mbuzi imayamba kubereka isanathe zaka ziwiri, choncho khola likachepa limadzazanso msanga. Kamba amadalira kuti wamkulu aliyense akhale moyo zaka zambirimbiri akuikira mazira, kuti mwa ana ochuluka amene amafa, awiri kapena atatu adzalowe m'malo mwake. Mukachotsa akuluakulu, mwadula mtengo umene umafuna zaka 20 kuti uyambenso kubala.

Mmene abale ake anathera

Zaka 400 zapitazo akamba akuluakulu anali ponseponse pa zilumba za kumadzulo kwa nyanja ya Indian. Ku Mauritius, Réunion ndi Rodrigues kunali mitundu isanu yosapezeka kwina kulikonse. Mfalansa wina, François Leguat, amene anakhala pa Rodrigues kuyambira 1691 mpaka 1693, analemba kuti ankaona magulu a akamba 2,000 kapena 3,000 pamodzi, moti munthu ankatha kuyenda mtunda ndithu akuponda pamisana yawo osagunda pansi.

Nthawi imeneyo sitima za Azungu zopita ku India zinkatha miyezi panyanja, mafiriji kulibe. Amalinyero ankadya nyama yothira mchere ndi mabisiketi ofumbwa, ndipo ambiri ankadwala chifukwa chosowa chakudya chatsopano. Kwa anthu otere kamba anali ngati nkhokwe yodziyendera yokha. Sathawa, saluma, ndipo saopa munthu. Ankangomunyamula, kumugoneka chagada m'chipinda cha pansi pa sitima, kusanjikiza ena pamwamba pake, ndipo miyezi ingapo pambuyo pake ankamupeza akadali wamoyo, wosafuna udzu kapena madzi. Nyama yake inali yokoma, chiwindi chake chinkatamandidwa, ndipo mafuta ake ankaphikira. Mphatso ija yopirira njala ndi ludzu inasanduka chifukwa chomuphera.

Pa Rodrigues anachita kukhazikitsa malo osonkhanitsira akamba otumiza ku Mauritius kukadyetsa asilikali, odwala m'chipatala ndi amalinyero. Zolembedwa za nthawiyo zimasonyeza kuti pakati pa 1732 ndi 1771 pachilumbachi panachoka akamba pafupifupi 280,000. Pamene anthu ankatenga akuluakulu, nkhumba, makoswe ndi amphaka zimene anabwera nazo zinkafukula mazira ndi kudya ana, ndipo moto wotsegulira minda unkamaliza otsala. Pofika cha m'ma 1800 pa Rodrigues panalibenso kamba, ndipo pofika 1850 mitundu isanu yonse ija inali itatheratu. Madzi akatayika sawoleka. Lero tili ndi mafupa, zigoba zochepa m'nyumba zosungiramo zakale, ndi zolemba za anthu amene anawadya.

Mmene Aldabra anapulumukira

Choyamba chimene chinateteza Aldabra ndi kuipa kwa malo ake. Sitima zambiri zinkalambalala chifukwa kunalibe madzi kapena doko, ndipo kunyamula nyama yolemera kudutsa pamiyala yakuthwa ija inali ntchito yowawa. Ngakhale zinali choncho, akamba atatha kwina anthu anayamba kulowera komweko, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 alendo ena ankafufuza masiku angapo kuti apeze kamba mmodzi.

M'chaka cha 1874 kunamveka kuti boma la atsamunda likufuna kubwereketsa chilumbachi kwa anthu odula mitengo. Asayansi otchuka a ku Britain, kuphatikizapo Joseph Hooker, Richard Owen ndi Charles Darwin, analembera kalata bwanamkubwa wa Mauritius, amene ankalamuliranso Seychelles, yopempha kuti akambawa atetezedwe. Imeneyi inali imodzi mwa nthawi zoyambirira pamene anthu ophunzira anagwirizana kuchonderera boma chifukwa cha nyama imene inali pafupi kutha. Kugwira akamba kunachepa m'zaka zotsatira, ndipo ochepa amene anabisala m'zitsamba anayamba kuswana mwakachetechete.

Ngozi yachiwiri inabwera m'zaka za m'ma 1960. Boma la Britain linakonza zomanga bwalo la ndege za nkhondo pa Aldabra, pamodzi ndi doko, misewu ndi nyumba za asilikali. Bungwe la asayansi la Royal Society ndi anzawo a ku America anakana kwamtuwagalu, ndipo nkhaniyi inafika m'manyuzipepala ndi m'nyumba ya malamulo. Mu Novembala 1967 ndalama ya Britain inatsitsidwa mphamvu, boma linachepetsa ndalama zogwiritsa ntchito pa zankhondo, ndipo pulaniyo inathera pomwepo. Tinene chilungamo: chilumbachi chinapulumuka chifukwa cha mawu a anthu olimba mtima, komanso chifukwa thumba la boma linabooka pa nthawi yake. Zikanakhala kuti asayansi aja sanachedwetse ntchitoyo ndi phokoso lawo, mavuto a ndalamawo akanapeza bwalo litayamba kale kumangidwa.

Royal Society inamanga malo ochitira kafukufuku pa Picard. Dziko la Seychelles litalandira ufulu mu 1976, linakhazikitsa bungwe la Seychelles Islands Foundation mu 1979 kuti liziyang'anira chilumbachi, ndipo mu 1982 bungwe la UNESCO linaika Aldabra pa mndandanda wa malo amene ndi chuma cha dziko lonse lapansi. Pachilumbachi palibe mudzi kapena hotela. Pamakhala kagulu kochepa ka alonda ndi ofufuza, amene mwezi ndi mwezi amayenda m'njira zokhazikika akuwerenga ndi kuyeza akamba. Gawo lalikulu la ndalama zoyendetsera ntchitoyi limachokera kwa alendo okaona nkhalango ya Vallée de Mai pa chilumba cha Praslin, imene bungwe lomweli limayang'anira. Malo ofikika amalipirira malo osafikika.

Ntchito ina yaikulu inali kuchotsa mbuzi zimene anthu anasiya pachilumbachi kalekale. Mbuzizo zinkalimbirana chakudya ndi akamba ndiponso kuwononga zitsamba zopereka mthunzi. Zitatsala zochepa zinkabisala m'malo ovuta, ndiye alenje anagwiritsa ntchito nzeru iyi: ankagwira mbuzi imodzi, kuiveka kawailesi m'khosi, n'kuimasula. Popeza mbuzi sikhala yokha, inkapita kukapeza zinzake, alenje n'kumatsatira. Mbuzi zoterezi anazipatsa dzina loti mbuzi za Yudasi. Ntchitoyi inatenga zaka zoposa 20, ndipo mbuzi yomaliza inaphedwa mu 2012.

Kugwira ntchito ya malemu

Nyama ikatha, ntchito imene inkagwira m'chilengedwe imaima. Pa kachilumba ka Île aux Aigrettes, pafupi ndi Mauritius, pali mtengo wa ebony, wa matabwa akuda olimba, umene uli pafupi kutha. Zipatso zake ndi zazikulu, ndipo akamba a kumeneko atatha panalibenso nyama yozimeza n'kukataya njere kutali. Zipatsozo zinkangogwera pansi pa mtengo n'kuwolera pomwepo. M'chaka cha 2000 bungwe la Mauritian Wildlife Foundation linabweretsa akamba a mtundu wa ku Aldabra pakachilumbako. Akambawo anayamba kudya zipatso zija, kuyenda nazo m'mimba, n'kukazisiya kwina pamodzi ndi ndowe zimene ndi manyowa. Ofufuza anapeza kuti njere zodutsa m'mimba mwa kamba zimamera bwino ndiponso msanga, ndipo timitengo ta ebony tinayamba kuoneka m'malo amene munalibe.

Zitaoneka kuti zikuyenda, akamba ena anatumizidwa ku Round Island mu 2007, kumene amadya udzu wachilendo umene unkapondereza zomera za pachilumbapo. Chaka chomwecho ku Rodrigues kunatsegulidwa malo otetezedwa otchedwa dzina la François Leguat, ndipo lero kumeneko kukuyendanso akamba mazanamazana. Mu 2018 akamba 12 anapititsidwa ku Anjajavy m'dziko la Madagascar, kumenenso kale kunali akamba akuluakulu, ndipo ayamba kuswana. Mlendo sangafanane ndendende ndi mwini mudzi amene anamwalira, n'chifukwa chake akatswiri amayamba ndi akamba ochepa m'malo otchingidwa kuti aone zotsatira. Ubwino wake ndi wakuti kamba sathamanga: zinthu zikalakwika n'kosavuta kumupeza ndi kumuchotsa.

Zimene zikuwopseza lero

Tingafunse kuti, ngati alipo 100,000, nkhawa ndi yachiyani? Yankho n'lakuti pafupifupi onse a m'tchire ali pamalo amodzi, ngati mazira a m'dengu limodzi. N'chifukwa chake bungwe la IUCN limawaikabe m'gulu la nyama zimene zingathe kutha. Matenda achilendo kapena tsoka lina lililonse likhoza kuwakantha onse nthawi imodzi.

Chowopsa kwambiri ndi kusintha kwa nyengo. Kafukufuku wa mvula ya pachilumbachi anasonyeza kuti miyezi ya chilala yawonjezeka kuchoka pa iwiri pachaka m'zaka za m'ma 1970 kufika pafupifupi 6. Chilala chikatalika udzu umachepa, zitsamba zimayoyola masamba, ndipo mthunzi umene taona kuti ndiwo moyo wa kamba umasowa. Mwa akamba ambiri, kutentha kwa dothi ndiko kumachititsa kuti dzira liswe wamwamuna kapena wamkazi, ndipo dothi lotentha limatulutsa aakazi ambiri, choncho kutentha kukapitirira kukhoza kusokoneza chiwerengero cha amuna ndi akazi. Nyanja nayo ikukwera, pamene mbali yaikulu ya Aldabra inangotukuka mamita ochepa pamwamba pa madzi.

Palinso zinyalala. Ngakhale kuti pachilumbachi sipakhala anthu, mafunde amatula mapulasitiki ochokera kutali. Mu 2019 achinyamata a ku Seychelles ndi ophunzira a ku yunivesite ya Oxford anatha milungu isanu akutola, ndipo anachotsa matani 25, kuphatikizapo mapatapata pafupifupi 60,000. Anawerengera kuti matani oposa 500 anatsalabe m'magombe, ndipo zidutswa za pulasitiki zimapezeka m'ndowe za akamba. Makoswe ndi amphaka akadalipo. Posachedwapa anthu okonda chilengedwe adandaulanso ndi ntchito yomanga malo ogona alendo olemera pa chilumba cha Assomption, makilomita osakwana 30 kuchokera ku Aldabra, poopa kuti kuchuluka kwa ndege ndi maboti kungabweretse tizilombo ndi zomera zachilendo.

Akuba nawo sagona, chifukwa kunja kuli anthu ogula akamba kuti aziweta. Pa kachilumba ka Changuu ku Zanzibar panaperekedwa akamba anayi ochokera ku Seychelles mu 1919. Anaswana mpaka kufika pafupifupi 200 mu 1955, koma anthu anayamba kuwaba, ndipo pofika 1996 anatsala 7 okha. Anachita kuwamangira mpanda ndi kuwaikira alonda kuti ayambirenso kuchuluka. Zimene zinasonkhanitsidwa m'zaka zambiri zinamwazika pamene maso anagona.

Ambiri a ife tikukonzekera kukaima kutsogolo kwa kalasi, ndipo tikadzafika pa mutu wa zamoyo ndi malo ake okhala, nkhani ya Aldabra idzatithandiza kusonyeza ana kuti nyama, udzu, mtengo ndi mvula n'zolukanalukana. Idzatithandizanso kuwaphunzitsa kuwerenga nthawi mosiyana ndi mmene tinazolowerera. Kamwana ka kamba kamene katuluke m'dothi mvula ikubwerayi kadzayamba kuikira mazira ana athu a Sitandade 1 atamaliza koleji, ndipo kakhoza kudzakhalapobe zidzukulu zawo zitamera imvi. Aliyense amene akusamala nyama yotere akugwirira ntchito anthu amene sadzawaona.

Ku Aldabra ambiri a ife sitidzafikako. Koma abale ake ang'onoang'ono tili nawo m'tchire la kwathu, ndipo nawonso amakula mochedwa ndi kuswana mosafulumira. Chilimwe chilichonse, tchire likatenthedwa posaka mbewa, kalulu amathawa, mbalame zimauluka, koma kamba amangobweza mutu m'chigoba n'kudikira, monga amachitira pa zoopsa zina zonse. Amene anayendapo palupsa m'mwezi wa Seputembala anaonapo zigoba zimene zimatsala.